Pikapu ya manual kapena ya automatic: yoyenera misewu ya ku Kuti ndi iti?

Mawu oyamba

Ngati inu, kalabu yanu kapena kopaletivi yanu mwasonkhanitsa ndalama zogulira pikapu yonyamulira mbewu, feteleza ndi ziweto, wogulitsa adzakufunsani kuti: mukufuna ya manual kapena ya automatic? Ambiri amayankha potengera zomwe anamva kwa anzawo. Ena amati automatic ndi ya m'tauni, singalimbe kumudzi. Ena amati manual ndi yachikale ndipo imatopetsa. M'mawu onsewa muli choonadi pang'ono, koma sichokwanira kuti muikirepo ndalama za zokolola za zaka zingapo.

Tsamba lino talembera alimi a m'midzi yozungulira nkhalango ya Kuti m'boma la Salima, komanso ena onse a m'mphepete mwa nyanja omwe misewu yawo ndi yofanana ndi ya kuderali. Mfundo yaikulu ndi iyi: pikapu za mitundu yonse iwiri zimadutsa m'matope ndi mumchenga ngati zili za 4x4, zili ndi matayala oyenera, ndipo dalaivala wake ndi wodziwa. Zimasiyana pa mmene zimawonongekera, pa munthu amene angazikonze ndi pa ndalama zomwe mungalipire. Choncho posankha muyang'ane zinthu zitatu: dalaivala amene muli naye, makaniko amene mungamufikire msanga, ndi zaka za galimotoyo.

Misewu yomwe pikapu yanu idzayendemo

Musanayang'ane galimoto, yambani mwaganizira msewu. Pikapu ya mlimi wa ku Kuti imakumana ndi zinthu izi:

- Matope. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, misewu yafumbi yopita kumidzi, kumadambo monga la Mpatsanjoka ndi kuminda ya mpunga ya ku Lifuwu imaterera. Dothi la makande likanyowa limamatirira m'mizere ya matayala mpaka tayala kusalala.
- Mchenga. Mukamayandikira kunyanja, cha ku Senga Bay ndi kumadoko a asodzi, mumapeza mchenga wakuya womwe umamanga galimoto ngakhale m'chilimwe.
- Madzi. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, mitsinje ngati Linthipe ndi Lingadzi imadzaza, ndipo timitsinje ting'onoting'ono timadula misewu ya kumidzi.
- Zitunda. Msewu wa M14 wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo umakwera mamita oposa 500 kudutsa ku Mvera ndi ku Chezi. Popita mumakwera ndi mbewu, pobwera mumatsika ndi feteleza.
- Kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 masana. Oyilo wa galimoto amatenthanso msanga.

Lembani kuti mwa zisanuzi, ndi ziti zomwe galimoto yanu izikumana nazo sabata ndi sabata. Yankho lanu liyambira pamenepo.

Mmene magiya awiriwa amagwirira ntchito

Mu pikapu ya manual, pakati pa injini ndi giyabokosi pali klatchi. Iyi ndi mbale yokhakhala ngati zogwirira mabuleki, yomwe imapanikizidwa pa chitsulo chozungulira cha injini chotchedwa flywheel. Mukachotsa phazi lonse, injini ndi matayala zimagwirana ndipo palibe chikutha. Mukaponda theka, mbale ija imakhuzana ndi chitsulo, imatentha ndi kuperepeseka. Fungo lonunkha ngati nsanza yopsa lomwe mumamva galimoto ikamalimbana ndi matope ndi klatchi ikupsa.

Mu pikapu ya automatic mulibe chopondera klatchi. M'malo mwake muli chipangizo chotchedwa torque converter. Taganizirani mafani awiri oyang'anizana m'chitini chodzaza oyilo: injini imazunguza fani imodzi, oyilo amakankhidwa n'kuzunguza inayo. N'chifukwa chake automatic sizima mukaima, ndipo imanyamuka mosagwedeza ngakhale yalemedwa. Ponyamuka chipangizochi chimawonjezeranso mphamvu yokoka pafupifupi kawiri. Koma pamene oyilo akukankhana choncho amatentha, ndipo oyilo wotentha kwambiri amawononga timbale ta m'kati mwa giyabokosi.

Mwachidule, manual imafera pa klatchi, automatic imafera pa oyilo wotentha. Zonse zomwe zili m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Dziwaninso kuti automatic za masiku ano si zofanana ndi zakale. Toyota Hilux za zaka za 2005 mpaka 2015 zinali ndi magiya asanu a manual, kapena anayi ndi asanu a automatic. Zotuluka pambuyo pake zambiri zili ndi magiya asanu ndi imodzi mbali zonse. Ford Ranger zina zili ndi automatic ya magiya khumi. Ngakhale Land Cruiser 79, yomwe kwa zaka zambiri anthu ankaidziwa kuti ndi ya manual basi, inayamba kutuluka ndi automatic kumapeto kwa 2023. Izi zikusonyeza kuti automatic yatsopano imapirira ntchito yolemetsa. Sizikutanthauza kuti automatic iliyonse yakale yomwe ili pamsika ipirira.

Chimatulutsa galimoto m'matope si giyabokosi yokha

Musanakangane za manual ndi automatic, tsimikizani zinthu zitatu izi, chifukwa ndi zofunika kuposa mtundu wa magiya.

- Kodi ndi 4x4 yeniyeni? Pikapu zambiri zooneka zazitali zimakoka ndi matayala am'mbuyo okha. Yang'anani ndodo yachiwiri ya magiya kapena batani lolembedwa 2H, 4H ndi 4L, kapena H2, H4 ndi L4. Suzumiraninso pansi muone ngati kutsogolo kuli difu.
- Kodi 4L ikugwira? Giya imeneyi imachepetsa liwiro pafupifupi kawiri ndi theka n'kuwonjezera mphamvu yokoka chimodzimodzi. Ndi imene imapulumutsa klatchi ya manual kuti isapse komanso oyilo wa automatic kuti asatenthe. Polowetsa 4L imitsani galimoto kaye. Pa manual pondani klatchi, pa automatic ikani pa N.
- Kodi matayala ali ndi mano? Matayala osalala a pamsewu wa tala sagwira m'makande ngakhale galimoto ikhale yamphamvu bwanji. Ngati pikapu ili ndi diff lock yam'mbuyo, ndi mwayi waukulu, chifukwa tayala limodzi likaterera linzake limakokabe.

Pa pikapu zambiri 4H ndi 4L ndi za pafumbi, pamatope ndi pamchenga pokha. Mukafika pa tala wouma bwererani ku 2H, apo ayi mudzathetsa matayala ndi kuwononga zitsulo za pansi.

Pamatope

M'matope chofunika ndi kuyenda pa liwiro limodzi osadukiza mphamvu.

Ndi manual, sankhani giya musanalowe. Kawirikawiri giya yachiwiri mu 4L imakwana. Mukalowa chotsani phazi pa klatchi ndipo musasinthe giya mpaka mutatuluka, chifukwa mukangoponda klatchi matayala amasiya kukoka ndipo matope amaimitsa galimoto nthawi yomweyo. Dalaivala wozolowera amachita zimenezi bwinobwino. Wosazolowera amaponda klatchi theka chifukwa choopa kuti injini izima, ndipo klatchi yomwe ikanakhala zaka imatha m'dzinja limodzi.

Ndi automatic, magiya amasintha mphamvu isanaduke, choncho ngakhale dalaivala watsopano amadutsa. Vuto lake ndi lakuti matayala akayamba kuzungulira pamodzimodzi, giyabokosi imaona ngati galimoto yathamanga n'kukweza giya. Pewani zimenezi potsekera ndodo pa 2 kapena L, kapena pa S ndi M malinga ndi galimoto yanu.

Mukatitimira, lekani kuponda mafuta. Kugwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kumathandiza nthawi zina, koma pa automatic musachoke pa D kupita pa R matayala akuzungulirabe. Tsikani, tsitsaniko katundu, kumbani kutsogolo kwa matayala ndi khasu kapena fosholo, ikanipo nthambi kapena miyala. Ola limodzi lokumba n'lotsika mtengo kuposa klatchi kapena giyabokosi.

Kumbukiraninso munda wanu. Pikapu yolemedwa ikalowa m'munda wonyowa imatsendera nthaka, madzi salowa bwino ndipo mizu imavutika. Tulutsani matumba pa ngolo ya ng'ombe kapena panjinga kufika nawo pamsewu wolimba, pikapu iyambire pamenepo.

Pamchenga

Apa automatic imaposa manual. Mchenga umagwira matayala mwamphamvu moti pa kamphindi komwe dalaivala wa manual akusintha giya, galimoto imakhala itaima kale, ndipo kunyamukanso kumafuna klatchi yambiri. Automatic imanyamuka pang'onopang'ono osakumba. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kutenga usipa ndi nsomba zina kumadoko kapena kututa mchenga womangira, mfundo iyi muiganizire kwambiri.

Koma mchenga ndi umenenso umatenthetsa oyilo wa automatic, makamaka mu Okutobala. Pamchenga wakuya gwiritsani ntchito 4L kuti torque converter isavutike. Nyali yochenjeza za kutentha kwa oyilo wa giyabokosi ikayaka pa dashibodi, imani pamalo olimba, ikani pa P, siyani injini ikulira yokha mpaka nyaliyo izime. Musapitirize ulendo ikuyaka.

Pa mitundu yonse iwiri, kuphwetsako matayala kumathandiza kuposa kuponda mafuta. Pikapu yopanda katundu wolemera mungaiphwetse kufika cha pa 1.5 bar kuti tayala lifutukuke pansi. Ngati yadzaza, musaphwetse kwambiri, ndipo musakhote mwadzidzidzi. Khalani ndi pampu kuti mupope musanabwerere pa tala.

Powoloka madzi

Lamulo loyamba silisankha magiya: tsikani muyese madziwo ndi ndodo kapena ndi miyendo. Ngati akuthamanga moti munthu sangaime bwino, galimoto isalowe. Opanga Hilux zatsopano amati zimawoloka madzi akuya mamilimita 700, ndipo opanga Ranger amati 800, koma ziwerengerozi ndi za galimoto yabwinobwino, m'madzi odekha, pa liwiro lochepa. Kamtsinje kosefukira komwe pansi pake pakokoloka ndi nkhani ina. Kudikira maola awiri kuti madzi aphwe sikunasaukitse mlimi.

Pa manual, lowani ndi giya imodzi ndipo musaponde klatchi muli m'madzi. Mukaponda, madzi ndi matope zimalowa pakati pa mbale ndi flywheel, klatchi n'kuyamba kuterera kapena kumatirira.

Pa automatic, choopsa ndi madzi kulowa m'giyabokosi kudzera pa kabowo kopumira. Madzi ochepa okha amasukula timbale ta m'kati. Mukawoloka madzi akuya, oyilo aonedwe msanga. Akaoneka otuwa ngati mwathiramo mkaka, musayendetsenso galimoto mpaka atachotsedwa. Oyilo wa m'madifu nayenso aonedwe, kaya galimoto ndi ya manual kapena ya automatic.

Injini ikazima muli m'madzi, musayese kuiliza. Ikokeni ituluke, makaniko aone ngati madzi sanalowe mu injini.

Pa zitunda za M14 muli ndi katundu

Pokwera kuchokera ku Salima ndi matumba a mpunga, mtedza kapena chimanga, dalaivala wa manual atsitse giya chitunda chisanamugonjetse. Chovuta ndi kunyamuka pakati pa chitunda mutaimitsidwa ndi lole yapatsogolo. Gwiritsani ntchito handibuleki, osati kugwira galimoto ndi klatchi. Automatic imanyamuka mosavuta pamalo oterowo. Koma mukaona ikusinthasintha magiya pa chitunda chimodzi, itsekereni pa giya yotsika, chifukwa kusinthasinthako kumatenthetsa oyilo.

Potsika ndi feteleza kuchokera ku Kanengo ndi pomwe pali ngozi yaikulu. Mabuleki akapondedwa mtunda wautali amatentha n'kusiya kugwira. Injini ndi imene iyenera kuletsa galimoto. Pa manual izi n'zosavuta: giya yomwe mukanakwera nayo chitundacho ndi yomwe mutsike nayo. Pa automatic, mukaisiya pa D imathamanga yokha. Ibwezeni pa 3 kapena 2, kapena tsitsani giya ndi dzanja pa S. Pali madalaivala ena omwe amaika galimoto pa nyutulo potsetsereka kuti apulumutse dizilo. Muwaletse. Dizilo wopulumukayo ndi wochepa, koma galimoto imatsala ndi mabuleki okha.

Katundu wopyola muyeso amapha magiya a mitundu yonse. Pikapu zambiri za mpando umodzi zimanyamula pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Ya mipando iwiri imanyamula ochepera, ndipo anthu okwera amawerengedwa m'katundu yemweyo: akuluakulu asanu amalemera ngati matumba asanu ndi awiri. Muyeso weniweni wa galimoto yanu uli m'buku lake. Ngati muzikokanso ngolo ndi pikapu ya automatic, funsani makaniko za kuikirapo kachipangizo kowonjezera koziziritsa oyilo wa giyabokosi.

Ikawonongeka muli kutali ndi tala

Apa ndi pomwe alimi ambiri akumidzi amasankhira manual, ndipo zifukwa zawo n'zomveka.

- Batire likafooka kapena sitata ikakana, manual imalira mukaikankha. Za makono zimafunabe kamoto pang'ono m'batire kuti kompyuta ya injini idzuke, koma nthawi zambiri zimatheka. Automatic siilira ndi kukankha. Mufunika batire lina ndi mawaya.
- Manual mungaikoke ndi chingwe ili pa nyutulo kufika nayo kumsewu waukulu. Automatic siyenera kukokedwa mtunda wautali matayala ali pansi, chifukwa pampu ya oyilo wa giyabokosi imayenda ndi injini. Imafunika kukwezedwa pa lole kapena kumasulidwa shafuti.
- Klatchi imachenjeza isanathe: imayamba kuterera pa zitunda kwa masabata, ndipo mumakhala ndi nthawi yokonzekera. Automatic ikadwala imatha kudzitsekera pa giya imodzi, ndipo kuti mudziwe vuto pamafunika makina owerengera kompyuta yake.
- Kusintha klatchi ndi ntchito yomwe amakaniko ambiri a pa Kamuzu Road amaidziwa, ndipo masipeya a Hilux, Isuzu ndi Nissan Hardbody savuta kupeza. Kutsegula giyabokosi ya automatic kumafuna katswiri, malo opanda fumbi ndi zipangizo zoitanitsa. Kawirikawiri zimathera ku Lilongwe, kumagalaja a ku Biwi kapena kwa ogulitsa galimotozo.

Powerengera mtengo wokonzetsa, muwerengerenso masiku omwe galimoto yaima. Pikapu ikafa mu Januwale feteleza wobereketsa ali m'sitolo, chimanga sichidikira. Ikafa tomato kapena nsomba zili pamsana pake, katunduyo watayika. Ngati munagula ndi ngongole, banki imafuna zake galimoto ikuyenda kapena ili pamiyala.

Komabe musaganize kuti manual iliyonse ndi yotsika mtengo pokonza. Pikapu zina zatsopano za dizilo zili ndi flywheel ya zigawo ziwiri yomwe imatha limodzi ndi klatchi, ndipo ndi yodula. Funsani za ichi musanagule.

Mafuta ndi kasamalidwe

Automatic zakale za magiya anayi zimamwa dizilo wochulukirapo kuposa manual zinzake. Pa zatsopano kusiyanaku ndi kochepa, ndipo phazi la dalaivala, kulemera kwa katundu ndi mpweya wa m'matayala ndi zomwe zimatha mafuta kwambiri. Musasankhe chifukwa cha dizilo yekha.

Kusiyana kwenikweni kuli pa oyilo. Automatic imafuna oyilo wakewake wotchedwa ATF, ndipo ali m'mitundumitundu. Toyota yokha ili ndi mitundu ingapo, monga T-IV ndi WS, ndipo susinthanitsidwa. Oyilo wolakwika, kapena wogula m'botolo losatsekedwa pamsika, angathe kupha giyabokosi yabwinobwino. Automatic zambiri zatsopano zilibenso ndodo yoyezera oyilo, choncho simungaone nokha, pamafunika galaja. M'buku la galimoto muli ndandanda iwiri ya sevisi, ya ntchito wamba ndi ya ntchito yolemetsa. Fumbi, kutentha, matope ndi katundu wa ku Salima zikuika galimoto yanu pa ndandanda yachiwiriyo.

Musanalipire, pitani kwa ogulitsa masipeya ndi kwa makaniko mufunse mitengo inayi ya galimoto yomwe mwaiona: klatchi yonse pamodzi ndi ntchito yoika, oyilo wa ATF ndi sefa yake, giyabokosi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi lole yonyamula galimoto kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe. Lembani mitengoyi papepala muionetse komiti. Ngati thumba la gulu silingakwanitse mtengo waukulu pa inayiyo, galimoto imeneyo si yanu.

Adzayendetsa ndani?

Galimoto ya munthu mmodzi ndi ya gulu sizitha mofanana. Ngati pali dalaivala mmodzi wodziwa ntchito yemwe azisunga makiyi, manual imakhalitsa. Ngati pikapu izigwiridwa ndi anthu atatu kapena anayi, ena ongophunzira kumene, klatchi ndi imene imalipira, ndipo ikatha aliyense amaloza mnzake. Pamenepo automatic imateteza galimoto ku mapazi osazolowera. Ndi yothandizanso kwa mlimi wachikulire, wovutika bondo kapena wolumala mwendo wamanzere, yemwe sangathe kuponda klatchi tsiku lonse.

Automatic nayo ili ndi malamulo ake omwe dalaivala aliyense ayenera kudziwa:

- Yendetsani ndi phazi lamanja lokha, lamanzere lipume.
- Galimoto iime kaye musanaike pa R kapena pa P.
- Poimika pa chitunda, kokani handibuleki kaye kenako ikani pa P, kuti kulemera kwa katundu kusatsamire pa kachitsulo kakang'ono ka m'giyabokosi.
- Musagwire galimoto pa chitunda poponda mafuta, pondani buleki.

Onetsetsani kuti dalaivala ali ndi laisensi yoyenera kuchokera ku Road Traffic, ndipo mumuyese pamsewu wafumbi galimoto itanyamula katundu, osati pabwalo la mpira. Munthu wophunzira pa automatic yokha musamupatse manual ya gulu kuti aphunzirirepo.

Kuyesa pikapu yogwiritsidwapo kale ntchito

Alimi ambiri amagula pikapu yoyendapo kale, kaya yochokera kunja kapena yogulitsidwa ndi mabungwe ndi makampani. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa.

Ngati ndi ya manual:

- Muli pa giya yachinayi pa liwiro lochepa, pondani mafuta mwamphamvu. Injini ikakweza mawu koma galimoto osawonjezera liwiro, klatchi yatha.
- Klatchi yogwira phazi litatsala pang'ono kuchokapo, kapena yolimba kwambiri poponda, ili pafupi kutha.
- Mverani ngati magiya akukukuta polowa, makamaka yachiwiri, kapena ngati giya ikutuluka yokha mukachotsa phazi pa mafuta.

Ngati ndi ya automatic:

- Pemphani kuti muipeze injini itazizira. Mukaika pa D kapena pa R igwire msanga, popanda kuchedwa kapena kugunda.
- Ngati ili ndi ndodo yoyezera, donthetsani oyilo pa pepala loyera. Wofiira ndi wabwino. Wakuda, wonunkha kupsa kapena wokhala ndi tizitsulo akukuuzani kuti muisiye.
- Iyendetseni kwa theka la ola mpaka itenthe, mukwere nayo chitunda. Mavuto ambiri a automatic amabisala ikadali yozizira. Injini ikamakuwa pakati pa magiya, timbale tatha.
- Potembenuza kiyi nyali zonse za pa dashibodi ziyake kenako zizime. Nyali yosayaka n'komwe mwina inachotsedwa dala.
- Funsani buku la sevisi losonyeza kuti oyilo wa giyabokosi ankasinthidwa. Popanda umboni umenewu mukugula mphaka m'thumba.

Pa zonse ziwiri, yesani 4H ndi 4L pamsewu wafumbi, suzumirani pansi muone ngati oyilo akudontha kapena chasisi chinawotcheredwa, ndipo fananitsani manambala a injini ndi chasisi ndi omwe ali m'mapepala a galimoto. Onaninso kuti msonkho wa MRA unalipiridwa ndipo COF ndi inshuwalansi zilipo.

Tsono musankhe iti?

Sankhani manual ngati:

- ndalama zanu zikukwana pikapu yakale yomwe mbiri yake ya sevisi siikudziwika;
- muli ndi dalaivala mmodzi wozolowera misewu ya m'dzinja;
- galimoto izigona kumudzi, kutali ndi galaja, ndipo muzidalira amakaniko a pa Salima;
- ntchito yaikulu ndi kunyamula matumba ndi kutsika nawo zitunda za M14.

Sankhani automatic ngati:

- pikapu ndi yatsopano kapena yazaka zochepa, yokhala ndi buku la sevisi lomveka;
- oyendetsa ndi angapo, kapena mwini wake sangathe kuponda klatchi;
- mumayenda kwambiri pamchenga wa kunyanja;
- mungathe kugula oyilo woyenera pa nthawi yake, ndipo muli ndi ndalama yapadera yoti ifike ku Lilongwe ikadwala.

Mukapeza pikapu ziwiri za mtengo wofanana, ina manual yotopa, ina automatic yosamalidwa bwino, tengani yosamalidwayo. Zikakhala kuti zonse ndi zakale ndipo palibe amene akudziwa mbiri yake, tengani manual, chifukwa ikakukhumudwitsani mudzaikonza pafupi ndiponso msanga.

Kumbukirani

- 4L, matayala abwino ndi dalaivala wodekha ndi zomwe zimadutsitsa galimoto, osati dzina la giyabokosi.
- Pa manual tetezani klatchi: sankhani giya musanalowe povuta, phazi lichoke.
- Pa automatic tetezani oyilo: asatenthe, asalowe madzi, asasakanizidwe.
- Musapyole muyeso wa katundu, ndipo musatsike chitunda pa nyutulo.
- M'galimoto musasowe fosholo, chingwe cholimba, jeke ndi thabwa loikapo, pampu ndi mawaya a batire.
- Paulendo uliwonse wolipidwa patulani ndalama ya sevisi musanagawane phindu.

Ngati mukugula ngati gulu, kambiranani mfundozi pamsonkhano wa mamembala onse, ndipo pemphani alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuthandizeni kuwerengera ngati matumba omwe mumakolola pachaka angathe kusamalira pikapu. Mukapeza kuti sakukwana, kuchita hayala galimoto pa nthawi yokolola kungakupindulitseni kuposa kugula yanu.